Malamulo a masewera okonda nkhani: yang'anani pomwe dayisi yakana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Mwafunsa kuti gulu lanu la anthu anayi, lomwe limakonda nkhani kuposa ndewu, litenge malamulo ati a masewera a patebulo, aja omwe aliyense amasewera ngati mpangankhani, woyendetsa masewera n'kumafotokoza zochitika, dayisi n'kumagamula zotsatira. Musakopeke ndi chikuto cha buku. Tsegulani pomwe akufotokoza zochitika dayisi ikagwa moipa, yankho lili pamenepo.

Mu Dungeons & Dragons (D&D) mumaponya dayisi ya mbali 20 n'kuwonjezera nambala ya luso. Mukapanda kufika pa nambala yomwe woyendetsa masewera waika, kawirikawiri chomwe mumayesa chimakanika: ngati mumatsegula chitseko, sichitseguka, basi, nkhani n'kuima. Komanso malamulo ake ambiri ndi a nkhondo, moti ndewu imodzi imatha kudya ola lathunthu. Masewerawa ndi abwino, koma anawakonzera anthu ofuna zina.

Kwa inu ndikuona kuti Apocalypse World, yomwe Vincent Baker anatulutsa mu 2010, ndi ena otengera malamulo ake monga Dungeon World ndiwo oyenera. Mumaponya madayisi awiri a mbali 6 n'kuwonjezera luso. Mukapeza 10 kapena kuposa, mwapambana. Kuyambira 7 mpaka 9 mwapambana koma mulipira kanthu: chitseko chatseguka, koma mlonda wamva. Pa 6 kutsika m'munsi woyendetsa amabweretsa vuto latsopano. Luso likakhala +1, mwayi wogwera pakatipo ndi 16 mwa 36, ndiye nkhani imangopindika yokha.

Apa pali misampha iwiri. Woyendetsa wozolowera D&D amalemberatu nkhani yonse, ndipo madayisi akaipotoza amayamba kukakamiza osewera kubwerera m'njira yake. Akonze anthu, zofuna zawo ndi zoopsa zokha, mathero awasiye. Wina ndi wolipiritsa mopyola pa 7 mpaka 9, mpaka wosewera kumva ngati walephera. Chomwe anafunacho achipeze ndithu, mtengo ubwere pambali.

Fate Core ya 2013 imafuna osewera olankhula. Aliyense amalemba ziganizo zisanu zofotokoza mpangankhani wake ndipo amayamba ndi mapointi atatu. Akapereka pointi imodzi pa chiganizo choyenera amapeza +2 kapena amaponyanso. Mapointi amabwerera akavomera kuti chiganizocho chimulowetse m'mavuto. Choncho "msilikali wamphamvu" n'chiganizo chakufa. "Msilikali amene ali ndi ngongole kwa mfumu" ndiye chimagwira mbali zonse ziwiri. Gulu likalemba zabwino zokhazokha, mapointi amauma msanga.

Ngati anzanuwo amatha maola awiri akukonza mapulani osayamba kusewera, apatseni Blades in the Dark ya John Harper, ya 2017. Ampangankhani awo amalowa m'ntchito yakuba nthawi yomweyo, ndipo vuto likabwera wosewera amatha kunena kuti analikonzekera kale dzulo lake, n'kulipira ndi stress, mapointi osonyeza kupanikizika kwa mpangankhani wake. Fiasco ilibe woyendetsa n'komwe, imafuna anthu atatu mpaka asanu ndipo imatha usiku umodzi, koma ampangankhani ake nthawi zambiri amathera pamavuto, ndiye muwachenjezeretu.

Musanagule chilichonse, sewerani kamodzi kwa maola atatu ndi ampangankhani okonzeratu. Mukatha mufunse aliyense kuti nthawi inachedwa pati. Mundiuze zomwe anene.

Mupereke moni kwa onse.

Ine mnzanu.