Lipoti la msonkhano wa mankhwala a matenda ofooketsa mafupa

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma. Lipotili ndalilemba kuti amene sadzapezeka tsiku lokumana nawonso aliwerenge, komanso chifukwa zandifika m'khutu kuti ena akufunsa ngati ndalama ya ulendo ndi alawansi zinapita pa chinthu chaphindu. Malisiti onse ali kale m'manja mwa amsungichuma. Zinazo muweruze nokha mukawerenga.

Msonkhano unali wa masiku atatu. M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje ndi mawu otsegulira, aatali monga mwa nthawi zonse. Kenako anatikumbutsa zimene tonse tikuzidziwa, kuti mwa amayi atatu opitirira zaka 50, mmodzi amathyoka fupa chifukwa cha matendawa, ndipo mwa abambo asanu, mmodzi. Panalinso phunziro la makina oyezera mafupa a DXA ndi muyezo wa -2.5 wodziwira kuti munthu ali ndi matendawa, umene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 1994. Ndinalemba zonse, wofuna adzabwereke kope langa.

Chimene chinandichotsa tulo ndi phunziro la masana, la kamwedwe ka alendronate, piritsi la 70 mg lija ambirife timamwa kamodzi pa sabata. Wophunzitsa anali katswiri wa mankhwala. Anati ngakhale munthu atamwa piritsili motsatira malamulo onse, gawo limene limalowa m'magazi silifika limodzi mwa magawo 100. Akamwera khofi kapena madzi a malalanje, kagawo kochepako kamatsikanso kupitirira theka. Akaphatikiza mkaka kapena piritsi la kashiamu, ndiye kuti wangotaya mankhwala. Anzanga, ine ndinakhala chete pampando ngati wagwidwa ndikuba. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikumwera tiyi piritsili, chifukwa madzi a m'mawa amandinyansa. Palibe anandiuza kuti vuto lake ndi lalikulu chonchi, ndipo ndikudziwa kuti m'gulu mwathu si ine ndekha.

Kamwedwe kake ndi aka. Mukangodzuka, m'mimba mulibe kanthu, mumeze piritsi lathunthu ndi madzi wamba odzaza tambula. Osatafuna, osamung'unya. Mukatero mukhale tsonga kapena muimirire kwa mphindi 30, osagonanso, osadya, osamwa china chilichonse kapena mankhwala ena. Amene amamwa ibandronate, piritsi lina la mtundu womwewu, kamodzi pa mwezi adikire mphindi 60. Chifukwa chokhalira tsonga n'chakuti piritsili likaima kum'mero limawotcha, mpaka kuchita zilonda. Chilungulira chimene ambiri timadandaula nacho nthawi zambiri chimayambira pamenepa. Koma ngati mukumva kuwawa pomeza, chakudya chikuima pakhosi, kapena chilungulira chikunkirankira, musamwenso piritsi lotsatira musanaonane ndi dokotala. Mukaiwala tsiku lanu, imwani m'mawa wotsatira mutakumbukira, kenako mubwerere ku tsiku lanu la nthawi zonse. Mapiritsi awiri tsiku limodzi, ayi.

Tsiku lachiwiri linali la zoopsa zija zimene zimatisowetsa mtendere, ndipo apa ndichedwapo chifukwa nkhaniyi inatigawanitsa chaka chatha. Kuola kwa fupa la nsagwada mwa anthu amene ali pa mankhwalawa kulipodi, madokotala anayamba kulemba za vutoli mu 2003. Koma ambiri amene limawagwera ndi odwala khansa, amene amalandira mankhwala a mtundu womwewu ochuluka kwambiri ndiponso pafupipafupi. Kwa ife amene timamwa mlingo wa matenda a mafupa, akuti limagwera munthu mmodzi mwa anthu 10,000 mpaka 100,000. Pamene mankhwala omwewa amachepetsa kuthyoka kwa mafupa a msana ndi pafupifupi theka. Vuto lina ndi la fupa la ntchafu limene limatha kuthyoka popanda kugwa, makamaka munthu akamwa mankhwalawa zaka zambiri. Ilinso ndi losowa, ndipo kawirikawiri limayamba lachenjeza: ululu wosatha m'ntchafu kapena m'mphechepeche kwa masabata kapena miyezi. Wakumva zotere asamangopaka mafuta, akajambulitse.

Ndikunena izi chifukwa mukukumbuka zimene zinachitika. Munthu mmodzi anaimirira pamsonkhano wathu n'kunena kuti mankhwalawa amaoletsa chibwano, ndipo pofika mwezi wotsatira anthu angapo anali atasiya kumwa mwakachetechete. Ine nditapempha kuti tiitane wachipatala adzatifotokozere, ndinauzidwa kuti thumba ndi lopyapyala. Thumba lomwelo linapeza ndalama yosindikizira malaya a gulu. Sindikutchula dzina la munthu, koma nkhaniyi sinathe, ndipo mmodzi mwa amene anasiya aja lero akuyendera ndodo atathyoka fupa la m'chiuno. Sindinganene kuti akanapitiriza kumwa sakanathyoka. Ndikungonena kuti tinamusiya yekha ndi mantha.

Za diripi ya zoledronic acid, ya 5 mg kamodzi pa chaka, anati amene akuyamba kumene asadabwe akamva ngati chimfine chachikulu: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi. Zimagwira pafupifupi mmodzi mwa atatu pa diripi yoyamba, zimatha pakadutsa masiku ochepa, ndipo chaka chachiwiri zimachepa kwambiri. Kumwa madzi okwanira tsikulo ndi paracetamol zimathandiza. Chofunika n'chakuti asanakuikeni diripiyo akuyezeni impso, kashiamu ndi vitamini D. Amene impso zawo zafooka kwambiri sayenera kulandira.

Tsopano nayi nkhani imene ndikuona kuti yokha ikubweza ndalama yonse ya ulendo. Jakisoni wa denosumab, wa 60 mg, amene ena mwa ife amabayitsa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, sali ngati mapiritsi aja. Alendronate amakhazikika m'fupa kwa zaka, n'chifukwa chake munthu akamwa zaka zisanu, kapena akalandira diripi zaka zitatu, dokotala angathe kuunika n'kumupumitsa kwa kanthawi. Denosumab sakhazikika. Mphamvu yake ikatha, fupa limayamba kudyeka mofulumira kuposa kale, ndipo ena amathyoka mafupa angapo a msana nthawi imodzi patangopita miyezi yochepa. Choncho jakisoniyu sachedwetsedwa, komanso sasiyidwa popanda dokotala kuikapo mankhwala ena olowa m'malo mwake. Denosumab amathanso kutsitsa kashiamu m'magazi, munthu n'kumamva dzanzi kuzungulira pakamwa ndi m'zala kapena kukokana kwa minofu. Mu Januwale 2024 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linaika chenjezo lamphamvu pa nkhaniyi kwa odwala impso kwambiri.

Ndikumva izi mtima unandipweteka, chifukwa ifeyo tinali ndi kaundula wa masiku a jakisoni. Mlembi wakale ankaimbira foni aliyense tsiku likayandikira. Komiti yatsopano inati imeneyo ndi ntchito ya chipatala, si yathu, ndipo kaundula uja anatsekedwa. Ndinatsutsa nthawi imeneyo, ndikutsutsabe. Ena adzati tisalowerere ntchito ya madokotala. Kukumbutsana tsiku si kulembera munthu mankhwala. Alipo m'gulu mwathu amene adumphitsa jakisoni ndi miyezi iwiri poganiza kuti palibe kanthu, ndipo ife tangoyang'ana.

Madzulo a tsiku lachiwirilo kunali phunziro la mankhwala omanga fupa, teriparatide ndi romosozumab. Chofunika n'chakuti romosozumab amaperekedwa kwa miyezi 12 yokha ndipo si wa munthu amene wadwalapo mtima kapena sitiroko posachedwa. Raloxifene, piritsi linanso la matendawa, anangomutchula podutsa, kuti amawonjezera mpata woti magazi aundane m'mitsempha. Phunziro la kalembedwe ka malipoti a kafukufuku ndinalowamo, koma silinali lathu.

Tsiku lomaliza anagwirizana mfundo zingapo. Yoyamba, aliyense amene ali pa mankhwalawa akhale ndi kakhadi kolembapo dzina la mankhwala, tsiku limene anayamba ndi tsiku lotsatira. Iyi ndinaivomera ndi manja awiri, ndipo tingaiyambe mawa lomwe. Yachiwiri, munthu azionedwa mano asanayambe mankhwala. Apa ine ndinagawanika. Kuonetsa mano n'kwabwino, ndipo dzino lofunika kuzula ndi bwino lizulidwe mankhwala asanayambike. Koma munthu amene wathyoka kale fupa, mwayi wothyokanso umakhala waukulu m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Ngati mfundoyi isanduka chipata choti popanda kalata ya dokotala wa mano palibe mankhwala, anthu adzadikira miyezi mafupa ali pangozi. Ndinadzutsa dzanja n'kunena zimenezi. Ena anandivomereza, koma mfundo inadutsa momwe inalili. Ife tiitenge ngati langizo, ndipo chachikulu tizikumbuka kuuza dokotala wa mano mankhwala amene tikumwa asanatigwire m'kamwa.

Panali mfundo ina imene inanditsegula maso, ya anthu amene akhala nthawi yaitali pa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, kapena pa mankhwala ena amene amachepetsa mphamvu ya mafupa, monga tenofovir wa mtundu wakale wa m'ma ARV ndi jakisoni wakulera wa Depo-Provera. Sanati asiye, ayi, mankhwala amenewo ali ndi ntchito yake yofunika. Anati azikambirana ndi dokotala za mafupa awo. Gulu lathu takhala tikuliona ngati la amayi achikulire okha, pamene ena ofunika uthengawu ndi achinyamata ndi abambo. Za masewera olimbitsa thupi ndi kupewa kugwa m'nyumba anatipatsa timapepala, ndabwera nato tokwanira aliyense.

Ndikupempha apampando kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu aike zinthu ziwiri pa ndandanda: kutsegulanso kaundula wa masiku a jakisoni ndi diripi, komanso kuitana wachipatala adzayankhe mafunso a amene anasiya mankhwala. Ngati palibe wofuna kugwira kaundulayo, ine ndigwira, bola gulu lizindipatsa mayunitsi oimbira. Amsungichuma akumbukirenso kuti alawansi ya tsiku lachitatu sinandifike, ndinagona ndi kudya za m'thumba mwanga.