Lipoti la msonkhano: msewu womwe mtsinje unatenga ku Yellowstone

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kukakuimirani ku msonkhano wa anthu ogwira ntchito za misewu ndi milatho, ndipo ndabwerako bwino. Zokambirana zinali zambiri, koma ndikufotokozerani imodzi yokha, ya ku paki ya Yellowstone ku America.

Mu June 2022 mapiri a kumeneko anali adakali ndi chipale chofewa chochuluka, poti kuzizira kunachedwa kutha. Kenako kuyambira pa 10 mpaka pa 13 kunagwa chimvula. Mvula ija inasungunula chipale, madzi onse n'kutsikira m'mitsinje nthawi imodzi. Pa 13 June mtsinje wa Yellowstone unakwera kupitirira mamita 4 pa malo otchedwa Corwin Springs, kumpoto kwa pakiyo, kuposa pomwe unafika pa kusefukira kwakukulu kwa mu 1918. Alendo oposa 10,000 anawatulutsa, zipata zonse zisanu za pakiyo n'kuzitseka.

Msewu wochokera m'tauni ya Gardiner, pachipata cha kumpoto, kupita ku Mammoth Hot Springs m'kati mwa pakiyo unamangidwa m'mbali mwenimweni mwa mtsinje wa Gardner, m'chigwa chothina. Madzi sanachite kudutsa pamwamba pa phula ayi. Anakumba kunsi, dothi n'kugumuka, msewu n'kuduka malo angapo. Nditaona zithunzi zake ndinakumbukira za kwathu kummwera mu March 2023, nthawi ya Freddy. Chipale ife tilibe, koma kakumbidwe ka madzi ndi komweko.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti akuluakulu a pakiyo sanathamangire kukwirira pomwe panagumukapo. Anatembenukira ku kamsewu kakale ka ngolo za mahatchi, Old Gardiner Road, kodutsa pamtunda kutali ndi mtsinje. Anakakulitsa, kuika phula, n'kukatsegula pa 30 October 2022. Ndi kotsetsereka komanso kokhotakhota, oyendetsa magalimoto aakulu sangakakonde, koma anthu a ku Gardiner, omwe chakudya chawo chimachokera kwa alendo, anapezanso njira.

Ena pamsonkhanopo ankati zimenezi n'zotheka kwa a ndalama okha. Ine sindinagwirizane nawo kwenikweni. Phula lija linafunadi ndalama, koma kamsewuko kanalipo kale, ndipo panali anthu okadziwa.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense adzabwere ndi mayina a misewu ya m'dera lake yoyenda m'mphepete mwa mitsinje, ndi njira zakale zolambalala malowo, ngakhale zikhale za ngolo. Mafumu ndi achikulire a m'midzi tiwafunse, amazidziwa. Malisiti a ndalama za ulendo ndapereka kwa a Msungichuma.

Zikomo.