Lipoti la msonkhano wa mashati akale aamuna womwe munandituma uja

A Tcheya, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako bwino. Msonkhano unali wa masiku awiri ndipo sindinajombe gawo lililonse, malisiti a ulendo ndi ogona ali kale kwa a msungichuma, wofuna kuona akaone. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zandipeza zoti ena akuti ndinangopita kukadya alawansi.

M'mawa wa tsiku loyamba kunali malonje ndi zolankhula zazitali, kenako kajambulidwe ka katundu pa foni, zomwe tonse timachita kale. Koma masana ake abale, ndi pomwe ndalama yanu inagwira ntchito. Bambo ena achikulire anayala mashati patebulo nkuti aliyense atole imodzi anene kuti inasokedwa liti. Ine ndinatola ya rayon gabardine, yofewa koma yolemererako m'manja, kumusi yodulidwa mowongoka yovala osapisira, matumba awiri a zivindikiro, ndiye pakhosi panalibe bowo la batani koma kalupu kakang'ono kokola batani lobisala kunsi kwa kolala. Ndinati ndi ya m'ma 1970. Iwo anati ayi, loop collar yotereyi inatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka m'ma 1950, nkuitembenuza kundionetsa kuti mkati mulibe kalebulo ka kachapidwe. Ku America lamulo loti chovala chisokereredwe malangizo a kachapidwe linayamba kugwira ntchito mu 1972, pomwe lokakamiza kulemba kuti thonje ndi maperesenti angati poliyesita angati linayamba mu 1960. Ndiye shati ya kumeneko ikasowa zonse ziwirizi, ndipo msoko sukuonetsa kuti wina anadula, uyambe kuiyang'ana ndi diso lina.

Lebulo imalankhula zambiri kuposa momwe timaganizira. Mukaona mawu oti Sanforized dziwani kuti shatiyo singakhale ya chaka cha 1930 chisanafike, poti ndi nthawi imeneyo pomwe Sanford Cluett anapeza njira yoti nsalu isamabwerere ikachapidwa. Kalebulo ka bungwe la antchito osoka zovala ku America la ACWA ndi ka 1976 isanakwane, chaka chimenecho anaphatikizana ndi anzawo nkukhala ACTWU. Chizindikiro cha Woolmark pa mashati a ubweya chinayamba 1964. Yolembedwa West Germany ndiye kuti Germany isanagwirizanenso mu 1990. Pa nambala ya RN, yomwe boma la America limapereka ku kampani ya zovala nkumalembedwa pa lebulo, anatichenjeza kwambiri, akuti imangokuuza nthawi yomwe kampani inalembetsa, osati chaka chomwe shati inasokedwa, kampani imatha kugwiritsa nambala yomweyo zaka makumi angapo.

Ndipo mashati opanda kolala aja, okhala ndi kabowo kumbuyo kwa khosi, omwe ife timati telala sanamalize? Anamaliza ndithu. Kolala yake inali yapadera, yolimba, yomangira ndi kabatani kochotsa, umachapa kolala yokha shati nkuvalanso. Mzinda wa Troy ku New York unatchuka ndi makolala amenewa, kwawo kwa makolala ndi mashati a Arrow, mpaka makolala ofewa osokera pashati atalanda malo m'ma 1920 ndi 1930.

Apa ndiye ndilankhulepo, mundikhululukire a Tcheya. Chizolowezi chathu chodula malebulo ati amayabwa pakhosi chikutiphera katundu. Mukukumbuka shati ya chikauboyi ija, ya matumba a mano a sowo ndi mabatani odina oyera ngati ngale? Ndinapempha kuti isakhudzidwe ndikufuna ndifufuze kaye, mawa lake ndinaipeza lebulo yadulidwa, mabatani odina azulidwa asokapo apulasitiki wamba. Ku msonkhano anationetsa yofanana nayo ya Rockmount, kampani ya ku Denver yomwe Jack A. Weil anayambitsa mu 1946, mtima unandiwawa chifukwa yathu ija sitidzadziwanso kuti inali ya ndani. Nkhaniyi ndinaibweretsa ku komiti kawiri, mpaka lero palibe anayankhapo, ndipo amene anachita akudziwika.

Tsiku lachiwiri m'mawa kunali za inshuwalansi ndi katumizidwe ka katundu, palibe chachilendo. Masana anamanga mfundo zitatu. Pogulitsa tizilemba nyengo, monga cha m'ma 1950, osati kulasa chaka chimodzi ngati tinalipo, izi ndikugwirizana nazo. Pomwe pakonzedwa, kaya chigamba kaya batani losintha, wogula aziuzidwa, izinso eya ngakhale ndikudziwa ena mwa ife zitiwawa. Yachitatu ndi yoti chovala chikakwana zaka 20 chizitchedwa vintage, ine ndinakana ndipo ndinaimika dzanja kunena. Mukatero ndiye kuti shati ya m'ma 2000 yosokedwa mwachisawawa ikhala gulu limodzi ndi gabardine ija, wogula akapusitsidwa kamodzi sabweranso. Anandiposa mavoti, koma gulu lathu likhoza kuika malire akeake, ine ndikuti tiyambire m'ma 1980 kubwerera m'mbuyo.

Anatinso tisamadalire chizindikiro chimodzi chifukwa makampani ena makamaka ku Japan amasoka mashati atsopano motengera akale ndendende, kalupu ndi matumba zonse. Kolala, lebulo, mabatani ndi msoko zigwirizane. Batani la chigoba cha m'nyanja limazizira ukaligunditsa patsaya, lapulasitiki ayi, ndinayesa ndekha. Ndipo kolala yayitali yosongoka pa poliyesita yonyezimira, imeneyo ndiye 1970 yeniyeni.

Galasi lokuzira lomwe tinavomerezana chaka chatha silinagulidwebe, a msungichuma tithandizeni, malebulo ofufutika sawerengeka ndi maso okha. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi mashati asanu omwe akuwakayikira, osadula kanthu osasintha batani, ndidzakuonetsani pa katundu wathu yemwe.