Kalata kwa mwana wanga ku Joni

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe kumeneko. Ndalama zija zinafika ndipo tagula feteleza, zikomo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa WhatsApp nkhani ikangolemera umati netiweki yavuta.

Tamva kuti ku Rosettenville kuja sukukhala wekha, muli awiri ndi mtsikana wachizulu, ndipo ndi woyembekezera. Amayi ako analira usiku wonse. Zoti ndi Mzulu sizinawavute. Angoni a ku Ntcheu ndi ku Mzimba anachokera komweko, ndipo Rute, agogo ake a Jese, bambo a mfumu Davide, anali mlendo wa ku Mowabu. Chinawaliza n'chakuti mwana wa eni ali m'nyumba mwako, akukuphikira, akukuchapira, pomwe makolo ake sadziwa nkhope ya munthu ngakhale mmodzi wa kwathu. Nafenso tikadwala nkhawa mlongo wako atasungidwa chotero.

Ukudziwa mbiri ya agogo ako aang'ono amene anapita ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi. Anzawo ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi masutikesi, iwo osaoneka. Anatchona. Tinkangomva kwa obwera kuti ali ndi mkazi ndi ana, koma panalibe nkhoswe, panalibe kalata, panalibe woti n'kumufunsa. Za imfa yawo tinamva dzinja litadutsa kale. Manda awo palibe wa kuno anawaonapo, ndipo zidzukulu zawo mwina umakhala nazo pamzere umodzi wa taxi pa Bree osadziwana. Magazi athu amenewo. Sindikufuna mwana ali m'mimbayo adzakule choncho.

Ndamva kuti chikukuopsa ndi lobola, ndipo ukuti ife Achewa sitigula mkazi. N'zoona kuti kwathu ku Dowa sitilowola; mwamuna amapita kuchikamwini, kapena amapempha chitengwa. Koma watsegula Genesis posachedwapa? Pa mutu 24, Abrahamu sanamusiye Isake kuti akadzionere yekha. Anatuma munthu wamkulu wa panyumba pake, amene anakakhala pansi ndi abale a Rebeka, nafotokoza chimene wadzera asanadye n'komwe, ndipo anapereka mphatso kwa mlongo wake wa mtsikanayo ndi kwa amayi ake. Kenako anamuitana Rebeka mwini wake n'kumufunsa ngati akulola. Pa mutu 29, Yakobo anagwira ntchito kwa apongozi ake zaka 7, n'kuwonjezanso zina 7. Wina anapereka chuma, wina anapereka thukuta ngati mkamwini wa kwathu kuno, koma onse awiri analowera pakhomo, masana, abale akuona. Mulungu sanatilamule kuchuluka kwa ng'ombe. Chimene sindikuchipeza m'nkhani ziwirizi ndi mwamuna woopa Mulungu amene akutenga mkazi mobisa, abale a mkaziyo osadziwa.

Azulu pa mwambo wawo amatchula ng'ombe 11, imodzi mwa izo ndi ya amayi a mtsikana. Masiku ano mabanja ambiri amawerengera ng'ombezo m'ndalama, ndipo si kawirikawiri kuti munthu amalize zonse tsiku limodzi. Zimakambidwa. Koma wokamba si iwe. Iwo amayembekezera kalata yochokera ku banja la mwamuna, kenako nthumwi zimene amazitcha abakhongi, omwe kwathu tingati ankhoswe. Ukapita wekha ndi envelopu m'thumba adzakuona ngati munthu wopanda kwawo. Walira mvula walira matope, mwana wanga. Wakonda mwana wawo, lemekeza khomo lawo.

Ndakhala nawo pansi atsibweni ako, poti nkhani ya ukwati wako mwini wake ndi iwowo, ine ndingothandiza. Avomera kukwera basi, adzere ku Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, iwe ukawalandire pa Park Station. Ndi munthu wamkulu, ulendowo ndi wautali, usadzawasiye akuyang'anayang'ana ndi chikwama pamutu. Chizulu sadziwa, choncho pafunika Mmalawi wina wokhwima, wapabanja, amene wakhalitsa kumeneko, woti adzawaperekeze ndi kuwamasulira.

Munthu wotereyo ukamupeza kuti ngati kutchalitchi unasiya? Kalata yako ya mpingo unanyamula pochoka kuno, ndipo ndikukhulupirira ikadali pansi pa sutikesi. Ndikudziwa chimene chimachitika. Munthu akangolowana ndi mkazi amayamba kukhala kumbuyo, Mgonero ukafika amatuluka, mapeto ake Lamulungu limasanduka tsiku lochapa. Ena amathawira kwa aneneri ogulitsa mafuta ndi madzi, chifukwa kumeneko palibe amene angakufunse kuti mayi awa ndi ndani. Ine ndikuti pita kumene Amalawi anzako amapemphera m'Chichewa, kumene kuli akulu a mpingo oti akhoza kukudzudzula. Ukawauze zoona zonse. Akakuimitsa Mgonero kwa kanthawi, vomera, si imfa imeneyo. Ndaona ambiri akubwezeredwa, ena lero ndi madikoni. Anthu omwewo ndi amene amasonkha ndalama mnzawo akamwalira kuti thupi libwere kumudzi. Mu 2008, zipolowe zothamangitsa alendo zitayambira ku Alexandra, ambiri anagona m'matchalitchi. Usadikire tsiku loipa kuti mpingo udzadziwe dzina lako.

Za boma usazinyozenso. Dziko limenelo lili ndi lamulo la 1998 lovomereza maukwati a mwambo, ndipo limati mukalembetse ku Home Affairs pasanathe miyezi itatu. Poti ndiwe mlendo, adzafuna pasipoti yosatha ntchito ndi kalata ya kuno yotsimikiza kuti sunakwatirepo. Alipo adzanene kuti ukukwatira chifukwa cha mapepala. Asiye alankhule, bola iwe ndi Mulungu mukudziwa kuti si choncho. Ngati zili choncho, ndiuze msanga atsibweni ako asanagule tikiti, chifukwa sindingatume munthu wamkulu kukanama pakhomo pa eni.

Chikondwerero chisakupatse ngongole. Holo, magalimoto a maluwa ndi keke yosanjikiza si zimene zimamanga banja. Abusa, mboni, ankhoswe a mbali zonse, mpunga ndi nkhuku, basi. Mukadzabwera kuno tidzachita chinkhoswe chathu, tambala ndi msoti zisinthane manja, mudzi umuone mpongozi wathu.

Pakadali pano usamutukwane, usamukweze dzanja, ndipo uzimuperekeza ku sikelo. Amayi ako akufuna kumva mawu ake. Um'patse foni Lamulungu likubwerali madzulo, alonjerane ngakhale m'Chingerezi chothyokathyoka. Agula kale zitenje ziwiri zoti atsibweni ako adzanyamule. Unditumizire dzina la bambo ake a mtsikanayo kapena amalume ake, ndi dera limene amakhala, kuti tiyambe kulemba kalata ija.

Tikukupemphererani nonse atatu.

Ndine,
Bambo ako