Hotela ya paphiri yosamala chilengedwe imadziwika ndi madzi ake

Akonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tinenepo za mahotela apamwamba a m'mapiri amene amadzitcha osamala chilengedwe, makamaka okhala ndi spa, kumene mlendo amaviika thupi m'madzi otentha, kulowa mu sauna (kachipinda kotentha kotulutsira thukuta) ndi kusisitidwa ndi mafuta. Ife ntchito yathu ndi ya mapaipi, magiza ndi magetsi a sola. Tikamva mawu akuti "kusamala chilengedwe" sitiyang'ana denga la udzu kapena kakalata kopempha mlendo kuti thaulo lake aligwiritsenso ntchito mawa. Timazungulira kuseri kwa nyumba ndi mafunso awiri: madziwa akutenthetsedwa ndi chiyani, ndipo akatha ntchito akupita kuti?

Nkhaniyi si ya anthu andalama okha. Mzinda wa Zomba umamwa madzi a damu la Mulunguzi lomwe lili pamwamba pa phiri. Anthu ena a ku Blantyre akumwa madzi a mtsinje wa Likhubula ochokera m'phiri la Mulanje. Chimene chatayidwa kumtunda amamwa ndi wakumunsi, yemwe mwina sadzapondako n'komwe pa geti la hotelayo.

Tiyambe ndi moto. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake pamwamba pa phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, munthu amafuna juzi pamene ku Liwonde anthu akuchita thukuta, ndipo ku Chelinda pa Nyika udzu umadzuka utayera ndi chisanu m'miyezi ya June ndi July. Madzi a m'kasupe wa paphiri ndi ozizira, ndiye kuwatenthetsa kumadya mphamvu zambiri kusiyana ndi kunyanja.

Masamu ake ndi osavuta. Malita 1,000 kuti akwere ndi digiri imodzi amadya mayunitsi 1.16 a magetsi, mayunitsi omwewa timagula pa mita kunyumba. Tinene kuti hotela ili ndi zipinda 20, alendo 40, ndipo madzi akubwera ali pa madigiri 12. Shawa yotulutsa malita 10 pa mphindi, munthu n'kusamba mphindi 8, ndi malita 80. Alendo onse akasamba kamodzi ndi malita 3,200, ndipo kuwafikitsa pa madigiri 40 kumadya mayunitsi oposa 100. Bafa lalikulu la ku spa la malita 1,000 kulifikitsa pa madigiri 38 ndi mayunitsi 30. Sauna yokhala ndi chotenthetsera cha makilowati 9, ikayaka maola anayi, itha kudya mpaka 36. Tsiku limodzi tafika kale pa mayunitsi 170, tisanawerengere khitchini ndi kochapira. Ngati zonsezi zikuchokera ku jenereta, pomwe lita imodzi ya dizilo imapereka mayunitsi pafupifupi atatu, ndiye kuti malita oposa 50 a dizilo apsa tsiku limenelo. Hotela yotere kaya idzale maluwa ochuluka bwanji, dzina lija silikuyikhala.

Chinthu chotsika mtengo kwambiri ndichonso chimaiwalika: kamutu ka shawa. Kotulutsa malita 6 pa mphindi kamatsitsa malita 3,200 aja kufika pa 1,920, ndipo mlendo amasamba bwinobwino. Chachiwiri ndi chivundikiro chochindikala pa bafa la spa, poti kutentha kochuluka kumathawira pamwamba ndi nthunzi. Chachitatu ndi kukuta mapaipi onse a madzi otentha. Paipi yamaliseche yoyenda mamita 30 panja usiku wa July imafikitsa madzi ofunda chabe, mlendo n'kumatsegula mpopi mphindi zingapo kudikira otentha, madzi abwino akungopita.

Ambiri amathamangira sola, ndipo n'zoyenera, koma phiri lili ndi khalidwe lake. Panelo ya mawati 550 imapereka mayunitsi awiri kapena kupitirira pang'ono dzuwa likawala bwino. Chiperoni chikagwa, kuyambira May mpaka August, nkhungu imatha kukhala masiku atatu kapena anayi osachoka, ndipo panelo yomweyo imangopereka kagawo kochepa, pa nthawi imene alendo akufunitsitsa madzi otentha. Wogula zipangizo powerengera dzuwa la October amapezeka akuliza jenereta nyengo yonse yozizira. Nzeru yake n'kusunga kutentha m'madzi momwemo: giza ya sola ya machubu agalasi, yomwe imapirira chisanu kuposa yafulati, ndi thanki yaikulu yokutidwa bwino yosunga madzi a masiku awiri. Pothandizira dzuwa likasowa pakhale makina a heat pump, okoka kutentha kwa mpweya wa panja n'kukulowetsa m'madzi, amene pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kwa mayunitsi pafupifupi atatu, ngakhale mphamvu yake imatsika kunja kukazizira kwambiri. Choncho azilizidwa masana, osati mbandakucha. Mabatire a lithium asaikidwe m'kashedi kozizira, chifukwa kuwatchaja kuzizira kukafika pansi pa digiri 0 kumawawononga.

Boila ya nkhuni sitiikana. Paini amene wafalikira yekha ndi kulanda malo a mitengo yachilengedwe akufunika kudulidwa ndithu, ndipo akauma bwino kwa miyezi 6 kapena kuposerapo amayaka mokwanira. Nkhuni zaziwisi zimathera moto wake pouma, zimadzaza chumuni ndi mwaye wamafuta umene tsiku lina umagwira moto. Funso kwa mwini hotela ndi lakuti nkhuni ndi makala ake amagula kwa yani, ndipo chiphaso cha a zankhalango chili kuti.

Pali msampha wina umene umakola anthu ofuna kupulumutsa magetsi: kutsitsa giza kufika pa madigiri 40. Tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, makamaka osayenda. Munthu satitenga pomwa. Amatipumira m'kati ndi timadontho ta shawa kapena thovu la bafa la spa, ndipo timayambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa okalamba, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Thanki izisunga madzi pa madigiri 60. Koma madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'timasekondi tochepa, ndiye pafupi ndi shawa paikidwe valavu yosakaniza otentha ndi ozizira. Chipinda chimene chakhala sabata chopanda mlendo, wantchito atsegule shawa kwa mphindi zingapo, zenera lili pululu, mlendo asanalowe.

Bafa la spa madzi ake asapitirire madigiri 40. Klorini akhale mamiligalamu osachepera 3 pa lita, pH (muyeso wa asidi m'madzi) pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo ziziyezedwa kawiri pa tsiku n'kulembedwa m'buku, chifukwa m'madzi otentha klorini amatha msanga. Mlendo ali ndi ufulu wopempha kuona bukulo. Madzi akachita mbuu, kapena khoma la bafa likamaterera mukaligwira, musalowemo.

Tsopano mbali imene yatilembetsa kalatayi: komwe madzi akuda akupita. Anthu ambiri amaganiza kuti septic tank imayeretsa madzi. Ayi. Imangodikhitsa zolimba pansi, mafuta n'kuyandama pamwamba, ndipo madzi otuluka amakhala akadali ndi tizilombo. Chimene chimamaliza ntchitoyo ndi dothi. Tsoka lake, paphiri dothi limakhala lochepa, pansi pake pali thanthwe. Madzi a m'dzenje lomwetsera amatsika pang'ono, n'kugunda mwala, n'kuyenda chopingasa mpaka kukatulukira pa kasupe kumunsi. Lamulo la pamanja loti dzenje likhale mamita osachepera 30 kuchoka pa madzi ndi la malo a dothi lakuya. Pa thanthwe long'ambika mtunda umenewu sukwanira. Kuzizira nakonso kumachedwetsa tizilombo tothandiza timene timagaya zonyansa m'thankimo, choncho thanki ya paphiri iyenera kukula kuposa ya kuchigwa.

Njira imene imagwira pa malo otere ndi dambo lochita kupanga. Mumakumba bwalo lakuya masentimita pafupifupi 60, kuyala pulasitiki wochindikala kuti madzi asadonthe, kudzaza miyala ing'onoing'ono yotsukidwa, n'kudzalamo bango. Madzi ochoka mu septic tank amalowa mbali imodzi n'kumayenda pang'onopang'ono pansi pa miyalayo, osaonekera pamwamba, ndiye sipakhala fungo kapena udzudzu. Pamafunika malo okwana masikweya mita pafupifupi 5 pa munthu mmodzi. Alendo 40 ndi masikweya mita 200, ndipo antchito ogona pomwepo awerengedwenso. Dambo lotere limafa ndi mafuta. A m'khitchini ndi osisitira thupi aja akalowa amatseka mipata ya miyala, madzi n'kuyamba kusefukira pamwamba. Mankhwala ake ndi kabokosi kokola mafuta pa paipi ya khitchini ndi ya spa, kozipalidwa sabata iliyonse.

Cholakwa chofala n'kutsanulira madzi a bafa la spa mu septic tank. Malita 1,000 olowa kamodzi amavundula matope onse n'kuwakankhira kunja, ndipo klorini amapha tizilombo togaya tija. Kuwathira mumtsinje n'koipa koposa: nsomba, achule ndi nkhanu sizipirira klorini ngakhale wochepa. Madziwo asiyidwe osavundikira masiku angapo osawonjezera mankhwala, ayezedwe mpaka klorini atatha, azizire, kenako athiridwe pang'onopang'ono pa kapinga kutali ndi mtsinje. Nayo galimoto yopopa zimbudzi ikabwera, mwini hotela asunge lisiti losonyeza komwe yakataya.

Madzi a mvula nawo ndi nkhani. Denga la masikweya mita 500, mvula ya mamilimita 50 ikagwa, limatsitsa malita 25,000. Akalowa m'mathanki ndi chuma. Akatsikira malo amodzi pa chitsetse amakumba chigwembe ndi kufewetsa dothi. Dziko lino likumudziwa napolo: Zomba mu 1946, Phalombe mu 1991, ndi Chilobwe pansi pa phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Msewu wokwera ku hotela ukhale ndi ngalande zopatutsa madzi pafupipafupi, ndipo malo ogumulidwa adzalidwe vetiva motsata mizere yopingasa mvula isanayambe.

Za matabwa a sauna tinene mosapsatira. Wina asanyadire kuti sauna yake, mipando yake kapena mafuta ake onunkhira ndi a mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse. Mlendo wogula kabokosi ka mkungudza pa msewu akulipira macheka omwe akutha mtengowu. Phirili linalowa m'kaundula wa malo osungidwa a UNESCO mu 2025, ndipo alendo akachuluka, ofuna timabokosi totere adzachulukanso. Mabenchi a sauna amafuna thabwa louma, lopanda utomoni ndi vanishi, misomali yake yobisika kuti isawotche munthu.

Kwa alendo: sauna ndi m'bale wake wa kufukiza nthunzi m'bulangete kumene timakudziwa kumudzi, kungoti kutentha kwake kumafika madigiri 70 mpaka 90. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, mutuluke, mumwe madzi, mupume. Musalowe mutamwa mowa, kapena mutangotsika kumene ku Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, thupi litauma. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima kapena BP ayambe afunsa adokotala. Ndipo kuzizire bwanji, musalole mbaula ya makala m'chipinda chotseka mazenera. Mpweya wake sununkha, umagoneka munthu tulo tosadzuka. Chipinda chilichonse chokhala ndi malo osonkhapo moto chikhale ndi chumuni chabwino ndi kabelu kochenjeza za mpweyawu.

Malamulo alipo. La zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe, ndipo la zamadzi la 2013 limafuna chilolezo chopatutsira madzi ndi chotayira madzi akuda. Pempho lathu kwa a bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, a National Water Resources Authority ndi a nthambi ya zokopa alendo ndi lakuti hotela iliyonse ya paphiri yodzitcha yosamala chilengedwe iziika poyera, pafupi ndi polandirira alendo, zinthu izi: malita a dizilo amene yawotcha mwezi watha, malita a madzi amene yatunga, ndi zotsatira za kuyeza madzi a mtsinje kumtunda ndi kumunsi kwa hotelayo, koyezedwa m'dzinja ndi m'chilimwe. Pepala lomwelo liziperekedwanso kwa a gulupu ndi komiti ya madzi ya midzi ya m'munsi mwa phiri, m'Chichewa.

Amisiri a zamadzi ndi magetsi a sola,
Zomba