Ulendo wokasambira pansi pa madzi ku Stoney Cove

Abale ndi alongo a gulu lathu kuno ku Leicester, ulendo tinkakambirana uja watheka. Loweruka likubwerali tikupita ku Stoney Cove, kufupi ndi mudzi wa Stoney Stanton. Kale pamalopa ankakumbapo miyala, dzenjelo linadzaza madzi, ndiye pano anthu amaphunzirirapo scuba, kusambira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya.

Amene simunamirepo ndi botolo la mpweya kumsana, musaope. Pali malo osazama, mamita 6 kapena 7 okha, ndipo mlangizi amakhala pambali panu. Pomwepo mudzaona mutu wa ndege ya Viscount, tinsomba ta perch tikulowa ndi kutuluka m'mawindo mwake. Nsomba ya pike imangoti duu m'udzu, kukuyang'anani ngati mwailowera m'nyumba osaodira.

Sitima yapamadzi ya Stanegarth, yomwe inapangidwa mu 1910 n'kumizidwa dala mu 2000, ili pa mamita pafupifupi 20. Kumeneko n'kwa okhawo amene ali ndi satifiketi ya scuba.

Koma madzi ake si a ku Cape Maclear ayi, amazizira mpaka m'mafupa. Tengani jekete lokhuthala, chipewa ndi tiyi wa m'fulasiki. Zovala zomirira amabwereketsa konko. Amene muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, yambani mwaonana ndi dokotala.

Lembetsani kwa mlembi pofika Lachitatu, tidziwe za magalimoto.