Mita imodzi, makomo anayi: tigawane bwanji mayuniti m'nyengo yotentha?

Alangizi,

Tikukhala pa lendi kuno ku Salima, makomo anayi pa mita imodzi yolipiriratu, ndipo khomo lililonse limasonkha ndalama yofanana. M'miyezi yozizira palibe amadandaula. Koma Okutobala ndi Novembala akafika, mayuniti amene amatifikitsa kumapeto kwa mwezi amathera panjira, ndiye anthu ayamba kulozana zala.

Ambiri pano akunena mafani. Si mafani ayi. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Fani ya mawati 60 ikazungulira maola 10 usiku imadya mayuniti 0.6, pamwezi mayuniti 18 basi. Babu la LED la mawati 9 loyaka maola 6 silikwana n'komwe mayuniti awiri pamwezi.

Chimene chikutimaliza ndi filiza. Khomo lina kuli mayi amene ali ndi filiza yaikulu yakale yopangira mafilizesi ndi madzi ozizira ogulitsa. Kompulesa yake, injini imene imaziziritsa filizayo, ndi ya mawati pafupifupi 150. Kukamazizira imalira pang'ono n'kupuma, koma pano ikungolira usana ndi usiku. Ikalira maola 20 ndi mayuniti atatu patsiku, 90 pamwezi, kuposa mafani anayi pamodzi.

Zifukwa zake n'zooneka. Filizayo ili pakhonde, pansi pa malata, pomwe dzuwa la masana limawomba. Aigunditsa kukhoma, chonsecho filiza yotere imatulutsira kutentha m'mbali mwake ndipo imafuna mpata wa masentimita 10 kapena kuposa. Labala wa pachivindikiro anatha: mukapanitsa pepala n'kutseka, pepalalo limasololoka popanda kulimba, kusonyeza kuti mpweya wotentha ukulowa. Ayezi wa m'makoma wakula kuposa chala. Kuwonjezera apo, madzi a mafilizesi amalowetsedwa asanazizire, ndipo chivindikiro chimatsegulidwa mwana aliyense akabwera kudzagula. Magetsi akazima n'kubweranso, kompulesa imayambiranso ntchito yonse.

Koma tisawaunjikire mlandu onse mayiwa. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikaphika nyemba zouma maola atatu imatha kudya mayuniti 4.5, kuposa fani yozungulira sabata yathunthu. Nyemba zoviikidwa usiku zimapsa msanga, koma ena safuna kumva zimenezi. Ayironi nayo, ikamayatsidwa m'mawa uliwonse chifukwa cha malaya amodzi, imadya.

Wina anati filiza izizimitsidwa usiku. Phindu lake n'lochepa, chifukwa m'mawa imalira nthawi yaitali kuti ibweze kuzizira, ndipo katundu amasungunuka. Wina anatchula zodumphitsa mita. Zimenezo takana: ndi kuba, komanso zimawotcha nyumba.

Njira zimene tikuziona ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuitana mmisiri wa magetsi wovomerezeka kuti aike kamita kowerengera pakhomo lililonse, aliyense azilipira zomwe wadya. Vuto ndi lakuti mawaya a makomo ena analumikizana mudenga, moti pafunika kuwalekanitsa kaye, ndipo alandilodi akuti ndalama imeneyo alibe. Yachiwiri ndi kulemba zipangizo za khomo lililonse, mawati ake ndi maola ake, n'kugawana potengera zimenezo. Iyi n'njotsika mtengo, koma imadalira kuti aliyense anene zoona, ndipo hotipuleti imabisika pansi pa bedi.

Masamu tikuwadziwa, alangizi. Chatikanika ndi kayankhulidwe. Mayiwa fizi ya ana awo imachokera m'mafilizesi omwewa, ndipo nyengo yotenthayi ndi imene malonda amayenda. Ndi munthu amene timathandizana naye pa matenda ndi pa maliro. Tiwauze bwanji kuti gawo lawo likwere popanda kuoneka ngati tikuwachitira nsanje? Tiyambe tawathandiza kusuntha filiza ndi kugula labala watsopano, kenako tione ngati mayuniti atsika? Nanga timamita tija, ayenera kugula ndani, ife kapena eni nyumba, poti tsiku losamuka tidzatisiya pomwepo?

Ife okhala pa lendi,
Salima